Mabowo a Pansi pa Zitseko

Lolemba, 6 Febuluwale

Mvula yachezera. M'mawa ndatsegula chitseko chakumbuyo cha Nkhalamba, kuponda pa kapeti, phwa! Sokosi yonse chonyowa. Zaka 27 galimoto imeneyi ili m'manja mwanga, sinandichititsepo manyazi otere.

Ukwati wa Mzime pa 25. Masiku 19.

Mwana ameneyu ndinakamutenga kuchipatala ali ndi masiku awiri, pa mpando wakumbuyo womwewu, amayi ake atamufukata. Tsiku lomwelo ndinalumbira: galimoto imene yamulowetsa pakhomo pano ndi yomwe idzamutulutse. Mawu amenewa ndawanena pagulu kambirimbiri, moti ena ndikangoyamba amandimalizira. Pobwerera palibe.

Ndagwada, ndayang'ana popondera, chitsulo chija cha m'munsi mwa chitseko. Penti yatuluka matuza. Ndadina tuza limodzi, chala mpaka mkati. Dzimbiri lofiira, lofumbutuka ngati buledi wogona.

Sindikuda nkhawa. Zaka 35 ndikukhoma madenga, madzi ndimawadziwa kuposa abale anga. Salowa popanda bowo. Peza bowo, mata bowo, kapume.

Amayi ake a Mzime akuti, "Galimoto si nyumba ya malata, abambo." Iwo sanakwerepo padenga.

Lachiwiri, 7 Febuluwale

Tsiku lonse chagada pansi pa Nkhalamba. Sandipepala, bulashi ya waya, chitini cha phula chotsala pa denga la sukulu lija. Msana ukundiwerengera zaka.

Ndawapeza akubawo. Pansi penipeni pa chitseko chilichonse pali timabowo tiwiri. Dzimbiri la masiku ano ndi laudongo: mabowo onse ofanana, m'mbali mosalala, motalikirana mofanana, ngati linachita kuyeza ndi tepi. Pansi pa popondera enanso.

Chaka chatha ndinamata awiri a chitseko chakumbuyo cha kumanzere. Mbali yomweyo ndi imene yawola kwambiri. Ndiye tangoganizani ndikanapanda kumata!

Lero ndamata onse. Phula kawiri, kansalu pakati, phula pamwamba, monga timachitira pa msomali wa lata. Ngakhale nyerere ikafuna kulowa iyambe yapempha.

Malaya abuluu apita ndi phula. Ndawabisa kuseri kwa matayala akale.

Lachinayi, 9 Febuluwale

Mvula masiku awiri. Kapeti yanyowa mbali zonse ziwiri tsopano. Sindikumvetsa.

Chinanso chatsopano. Ndikaponda buleki, m'zitseko mukumveka khuvu, khuvu. Ndikakhota, khuvu. Popita kumsika amayi ake anatembenuka katatu kufuna chigubu chimene ndanyamula. Ndawauza kuti ndi mafuta m'thanki. Akuti, "Mafuta ochuluka choncho munathirapo liti inu?"

Zitseko zalemera. Chakumbuyo ndikuchita kukoka ndi manja awiri.

Bowo lina lilipo, likundibisalira. Ndilipeza.

Malaya abuluu apezeka. Nkhani yake sindilemba.

Loweruka, 11 Febuluwale

Alendo. Asewere, bambo ake a mnyamata akukwatira Mzimeyu, abwera ndi mwana wawoyo kudzamalizitsa za mipando ndi za ojambula. Galimoto yawo yoyera mbee, yaitali ngati bokosi la maliro a munthu wolemera. Mipando yake akuti imatenthetsa kumsana. Aimika moyandikana ndi Nkhalamba, malo onsewo pabwalo osawaona.

Tiyi asanathe ayamba: "Asewere, musavutike. Mkwatibwi tidzamunyamula ife, yanuyi ipume." Ndaseka. Mano okha, mkati mukuwira.

Mkamwini ndimamutcha Wachete. Chaka chathunthu akubwera pakhomo pano, mawu amene wandiyankhula sangadzaze supuni. Moni, zikomo, ndapita. Amagwira ntchito ku galaja yowongola ndi kupenta magalimoto ochita ngozi. Mzime anaona chiyani mwa iyeyu, kaya.

Potuluka anaima pa Nkhalamba. Anagwedeza chitseko, khuvu. Ananjuta, n'kupisa dzanja pansi, kukhudza phula langa. Anakhala pamenepo nthawi. Podzuka anatsegula pakamwa, kuyang'ana ine, kuyang'ana bambo ake, kutseka. Kenako: "Mwamata bwino, Bambo." Patapita kanthawi: "Kwambiri."

Mwina mnyamatayu nzeru zilimo. Ntchito yabwino amaizindikira.

Lolemba, 13 Febuluwale

Njira ya padenga: mmodzi amathira madzi pamwamba, wina amakhala mkati kuona podontha. Ndapempha amayi ake akhale mkati ndi tochi. Avomera nditalonjeza kukonza shelefu ya kukhitchini, ija ndinalonjeza chaka chatha.

Ndayamba ndi payipi padenga la galimoto, kutsika pa galasi, kutsika pa chitseko. Ndikufuula, mwaona kanthu? Iwo akuyankha, ine osamva. Ndafuulanso. Atsitsa galasi kuti ndimve bwino. Payipi inali pomwepo.

Tsitsi anakonzetsa Loweruka, loyeserera la ukwati.

Atuluka osathamanga, madzi ali chuchuchu m'chibwano, andipatsa tochi m'manja. "Podontha ndapapeza. Ndi pamene mwaima inu."

Chakudya chamadzulo ndadziphikira. Mazira awiri, limodzi lopserera.

Lachitatu, 15 Febuluwale

Pansi pa mpando wakumbuyo pamera bowa. Atatu, ang'onoang'ono, otuwa. Fungo la m'galimoto ngati galu wonyowa. Ndazula msanga, koma amayi ake anali ataona kale. Akufunsa ngati ndiyamba ulimi.

Madzulo Mzime wabwera ndi diresi kuchokera kwa telala. Lalitali, lokwekwa pansi, mchira wake wokha ungafunde anthu awiri. Analivala pabalaza. Ine ndinapita kukayang'ana mita ya magetsi. Inalibe vuto.

Kenako anandipeza panja atanyamula kansalu kotsala pa diresilo. Anatsegula chitseko chakumbuyo, kukagoneka popondera, kukakoka pang'onopang'ono monga diresi lidzakokekere. Kanatuluka kofiirira, konyowa, kali ndi mzere wa phula pakati.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Ababa, ndikufuna kukwera yanu, mukudziwa. Koma diresi ili ndilivala tsiku limodzi lokha moyo wanga wonse." Tapangana: Lachitatu likudzali abweranso ndi kansalu kena. Kakatuluka koyera, Nkhalamba. Kakatuluka chonchi, ya Asewere.

Masiku asanu ndi awiri. Mtima ukuwawa. Mwana wanga kutuluka pageti langa m'galimoto ya eni, ine ndikutsatira pambuyo ngati wonyamula mipando.

Lachisanu, 17 Febuluwale

Zodabwitsa. M'mawa ndapeza chitseko cha galimoto chakale chitatsamira mpanda, chozondoka, kumunsi kuli kumwamba. Amayi ake akuti wabweretsa Wachete popita kuntchito, wachinyamula pa njinga. Uthenga wake: "Bambo achione bwinobwino."

Ndachiona. Ndipo ndapeza chimene amafuna ndione. Nachonso chili ndi matenda omwewo! Timabowo tiwiri pansi, tosalala, malo omwewo. Galimoto ya mtundu wina, dzimbiri lake lomwelo. Ndiye kuti vutoli lili ponseponse, eni magalimoto sakudziwa chabe.

Mnyamata waulemu. Wachita manyazi kupempha poyera kuti ndimuonetse kamatidwe. Ndamumatira onse awiri, mosamala, kuti akaonetse anzake ku galaja. Ndasiya ndi kaphula pang'ono m'kachitini, akayesere yekha.

Za Nkhalamba: ndamata m'mbali mwa galasi lakutsogolo, pa eriyo ya wailesi, pa zomangira magalasi a m'mbali. Phula latsala theka.

Lamlungu, 19 Febuluwale

Mvula. Khuvu wafika m'zitseko zonse zinayi.

Kutchalitchi tapita wapansi. Asewere anatipitirira, anaimika, tinakwera. Mipando imatenthetsadi. Amayi ake anachita kutseka maso.

Sindikufuna kulemba zambiri.

Lachiwiri, 21 Febuluwale

Ndilembe zonse mwadongosolo, kuti tsiku lina ndikadzayamba kudzitama ndidzawerenge.

Wachete wabwera masana kudzatenga chitseko chake. Ataona phula pa mabowo aja anakhala pansi. Pansi penipeni, pa dothi lonyowa, ndi ovolosi yake. Ndinaganiza kuti wadwala.

Atadzuka anayang'ana denga la nyumba yathu nthawi yaitali, n'kufunsa, maso ali pa nsapato zake: "Bambo, ndifunse nawo za ntchito yanu. Paipi iyo yotsitsa madzi kuchokera m'ngalande ya padenga, munthu ataitseka kumunsi, chingachitike n'chiyani?"

Funso loyamba chaka chonse! Ndinamukhazika pa benchi. Ndinamuuza za sitolo ina imene mwini wake anatseka paipi ndi simenti poopa makoswe. Madzi anadzaza paipi, anadzaza ngalande, anabwerera pansi pa malata, siling'i yonse inagwera pa matumba a shuga. Ndinamuuza kuti mvula sungailetse kugwa padenga, nzeru ndi kuipatsa njira. Ndinati munthu wotseka potulukira madzi ndi chitsiru cha mapeto, chofunika kuchilanda hamala. Ndinanena mokweza, chala m'mwamba. Amayi ake anali pakhonde akusenda mbatata.

Chala chikadali m'mwamba, ndinamva mawu anga omwe.

Ngakhale mpeni wa amayi ake unaima.

Wachete anatulutsa kawaya m'thumba. Kopinda kale kumapeto. Kawaya kameneka ndikukhulupirira wayenda nako masiku khumi. Anandipatsa ndi manja awiri. Akuti madzi amalowa ndithu m'chitseko chilichonse, amatsika ndi galasi, ngakhale galimoto yatsopano. Mabowo aja anaboola ndi opanga galimoto.

Ndinagwada. Kubaya phula langa, lokongola, la magawo atatu. Madzi anatumphuka ngati ng'ombe ikukodza. Ofiira, onunkha, molunjika m'nsapato yanga. Chitseko chimodzi chinadzaza ndowa yochapira mpaka theka. Zinayi zonse, kenako popondera. Mtsinje unadutsa pageti mpaka mumsewu. A nyumba yoyandikana anatuluka kudzafunsa ngati paipi ya boma yaphulika.

Amayi ake anadzuka. Anangolowa m'nyumba, kutseka chitseko, ndiye kuseka kwake! Kumamveka mpaka ku mpanda.

Pambuyo pake ndamva kuti Wachete anauza Mzime tsiku lomwe lija la tiyi. Mzime anauza amayi ake. Amayi ake akuti anandiuza Lolemba loyamba lija kuti galimoto si nyumba ya malata, ntchito yawo inathera pomwepo. Nyumba yonse imadziwa kupatula mwini phula.

Lachitatu, 22 Febuluwale

Wachete wapempha tsiku kuntchito. Wafika ndi makina owotcherera, chitsulo chatsopano, penti m'kachitini. Wadula popondera powola paja, mpaka pamene chitsulo chayamba kulira bwino akachigogoda. Wayeza, wapinda, wawotcherera. Ine wogwirizira. Zaka 35 ndikutuma anthu, lero ndimve "Bambo, kwezani pang'ono," ndikweze.

Manja ake ndi abwino. Sathamanga. Akamaliza amapitsapo chala ngati akusisita mwana. Mkati mwa zitseko wapoperamo mafuta oletsa dzimbiri, mabowo wawasiya pululu. Ndikawayang'ana thupi limanyerenyetsa, koma ndagwira mtima.

Kapeti tayanika pa mpanda. Bowa wina tamupeza kuseri kwa lamba wa mpando.

Ndamuuza kuti kuyambira lero asamaope, akaona ndikulakwitsa azinena. Wayankha, "Chabwino, Bambo," akuyang'ana pansi. Patapita nthawi ndithu anayesera: labala wa m'mbali mwa zitseko zakumbuyo ndi wokalamba, koma agwira mpaka ukwati udutse, ndisamukhudze. Ndavomera.

Mzime wafika dzuwa litapendeka, penti itauma. Kansalu popondera, kukoka. Koyera! Anakakweza m'mwamba ngati mbendera, n'kundikumbatira ndi ovolosi yanga yakuda yomweyo. Kenako anapita kwa Wachete, anamunong'oneza kanthu, iye n'kuseka. Kuseka mokweza, mano onse panja. Sindinadziwe kuti amatha.

Ndaimbira Asewere. Ndawauza kuti yawoyo ikhoza kunyamula keke.

Lachisanu, 24 Febuluwale

Nyumba yadzaza. Azakhali ake a Mzime atatu, ana osawerengeka, aliyense akufuna ayironi nthawi imodzi. Ine panja ndi Nkhalamba. Kutsuka, kupukuta, maliboni oyera pa boneti.

Yavumba pang'ono masana. Ndinagona pansi kuonerera madzi akutuluka m'mabowo, tho, tho, tho. Kapeti youma. Zikugwira ntchito, ngakhale zikuoneka zosalongosoka.

Labala uja. Pakona yakumwamba wafutukuka pang'ono, mbali zonse ziwiri. Ndamukankha ndi chala, wabwerera. Ndamukankhanso.

Ndinalonjeza kuti sindimukhudza. Kukankha si kukhudza kwenikweni.

Masutikesi a Mzime ali m'khonde, atatu. Chipinda chake chayamba kumveka mawu ukayankhula.

Loweruka, 25 Febuluwale, m'mawa

Mitambo bii. Igwa, ndipo igwa yambiri.

Labala uja sindingamusiye choncho. Dontho limodzi pa velo, Asewere adzalinena mpaka adzukulu. M'bokosi muli guluu uja wa mapaipi a padenga, wosaoneka, wogwira msanga. Kamzere kamodzi kuzungulira, kumwamba ndi m'mbali basi, kutali ndi diresi. Zitseko zonse ziwiri zakumbuyo. Ndizisiya zotsegula mpaka mkwatibwi akwere.

Pachitini alemba kuti uume maola 24. Amalembera anthu osadziwa ntchito.

Tayi ili kuti?

Lamlungu, 26 Febuluwale

Mutu ukuwawa, mapazi atupa. Koma ndilembe.

Tinanyamuka bwino. Mzime kumbuyo yekha, diresi litadzaza mpando wonse. Amayi ake anasankha ya Asewere, akuti chifukwa cha keke. Ndinatseka zitseko zonse ziwiri ndekha, mwamphamvu. Pageti ndinaliza hutala katatu. Nkhalamba inatuluka ngati mtsikana. Mvula inayamba tili panjira, yamphamvu, koma mkati ngakhale dontho.

Mphindi makumi anayi, pang'onopang'ono, magalimoto asanu ndi limodzi pambuyo pathu.

Pakhomo la tchalitchi: maambulera, ojambula, oimba ayamba kale. Ndatsika, ndakonza jekete, ndagwira chogwirira. Gwa. Ndakokanso. Gwa. Ndazungulira mbali ina ndikumwetulira anthu. Gwa.

Asewere anayesa. Azakhali anayesa. Wojambula anaika kamera pansi, anayesa, kenako anaitolanso n'kuyamba kujambula. Wina anati mkwatibwi adumphire kutsogolo. Ndi diresi limenelo? Wina anati atulukire pawindo. Amayi ake anangondiyang'ana, kuyang'ana kwa zaka 33 za banja, n'kufunsa mawu amodzi: "Mwamata?"

Anachita kukamutenga Wachete kuguwa, kumene amadikira mkazi wake. Anatuluka ndi suti, duwa pachifuwa. Anayendetsa chala m'mbali mwa chitseko, ananunkhiza chalacho. Sanandiyang'ane, Mulungu amudalitse. Anapempha mpeni wopyapyala. Unapezeka wodulira keke, uli ndi liboni lake.

Anati wina akankhe kuchokera mkati. Ndinalowa kutsogolo, kugwada pa mpando wanga, kutambasula dzanja. Magalasi anachita nthunzi, anthu onse panja anasanduka zithunzi. Tinatsala awiri, ine ndi mwana wanga, mvula ikulira padenga, kampeni kakuyenda pang'onopang'ono kunja.

Ndimadikira kuti alire. Anaseka. Anaseka mpaka zopaka m'maso zinayamba kutsika, ine ndikumupatsa hanki. Anandikumbutsa tsiku lija ndinamata zenera la chipinda chake ali ndi chifuwa, mpaka chilimwe chonse osatseguka. Ndi nsapato zake za kusukulu, zija ndinazipaka phula pansi n'kukakamira pa simenti ya m'kalasi.

Kenako analeka kuseka. Anagwira dzanja langa lija linali pa chitseko. "Ababa, mwamata dala?"

Ndisanayankhe chitseko chinati phwa, kutseguka. Mphepo, nyimbo, anthu kuwomba m'manja. Wachete ataima pamenepo, suti yonyowa, mpeni wa keke m'dzanja, dzanja lina walitambasulira mkazi wake. Anawerama pang'ono kuti andione. "Mwamata bwino, Bambo." Ulendo uno amamwetulira.

Diresi linadutsa popondera lonse, mpaka mchira. Loyera mbee. Asewere anaona, ndinaonetsetsa kuti aona.

Ukwati unachedwa ndi mphindi makumi awiri. Keke anadulira mpeni wa kukhitchini.

Lachiwiri, 28 Febuluwale

Alendo apita. Ayironi yapezeka m'bafa. Shelefu ya kukhitchini ndakonza, amayi ake anachita kukhala pansi.

Chitini cha phula ndapatsa a nyumba yoyandikana, khola lawo la nkhuku likudontha. Guluu amayi ake anataya okha, sanandifunse.

Wachete waimba. Iye mwini, osati kudzera mwa Mzime. Akuti Loweruka abwera ndi labala watsopano, ndipo chonde, Bambo, mpaka Loweruka manja m'thumba. Mawu khumi ndi awiri, ndinawerenga.

Mvula kuyambira m'mawa. Ndinapita kukaona Nkhalamba. Pansi pa zitseko tho, tho, tho, kapeti youma. Pa mpando wakumbuyo ndapeza kapini ka tsitsi, koyera, kali ndi kamkanda kumapeto. Ndinakhala pamenepo pang'ono, chitseko chotsegula. Chinacho sichikutsegukabe.

M'chipinda cha Mzime amayi ake atsegula mazenera onse, akuti mupite mphepo. Ndinafuna kutseka, mvula ingalowe. Ndasiya.

Funso la Mzime lija. Sindinamate dala. Ndinaona labala wofutukuka, ndinaona mitambo, basi. Ndikuganiza choncho. Koma mphindi zija tili awiri m'galimoto, kampeni kakuyenda kunja, dzanja langa linali pa chitseko, inde. Kukankha sindinakankhe.

Pa tsamba lino padontha kanthu, inki yafalikira. Ndayang'ana kumwamba. Denga ili ndinakhoma ndekha, silidontha